Kusintha akaunti m'mapulogalamu a cloud: patenti ingateteze chiyani kwenikweni?

Chikondi:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za patenti ndi za mapulogalamu osungira mafayilo pa cloud. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi maakaunti awiri m'pulogalamu imodzi, ina ya kuntchito, ina yakeyake. Akufuna kuchoka pa ina kupita pa inzake osatuluka, osalembanso pasiwedi, ndipo fayilo imene inali mkati mokwera ku seva isadukire panjira. Omanga pulogalamuyo apeza njira yawoyawo yochitira zimenezi. Kodi angaiteteze ndi patenti ku America ndi ku Ulaya? Nanga chotetezedwacho n'chiti, kabatani kosinthira kaja kapena zochitika kuseri kwake?

Bambo Gondwe:
A Chikondi, ganizo loti munthu azisintha akaunti simungalitenge kukhala lanu, linakalamba kale. Windows XP inabwera ndi Fast User Switching mu 2001, Mac OS X Panther nayo inatsatira mu 2003. Google inayamba kulola anthu kulowa m'maakaunti angapo mu browser imodzi mu 2010. Pofika 2014 Dropbox inali ikulola kale kulumikiza akaunti ya kuntchito ndi ya munthu payekha pa kompyuta imodzi. Wounika pempho ku USPTO, ofesi ya ma patenti ya ku America, adzayambira pamenepa, ndipo sadzatuluka thukuta kuzipeza.

Ndiye claim (chiganizo cha m'pempho chonena malire a chimene mukufuna kuteteza) yongonena kuti pulogalamu ionetse mndandanda wa maakaunti, ilandire yomwe munthu wasankha, kenako ionetse mafayilo a akauntiyo, idzagwa kawiri. Idzagwa pa ndime 102 kapena 103 ya lamulo la ma patenti la ku America chifukwa si yatsopano kapena ndi yodziwikiratu kwa aliyense wa ntchitoyi, idzagwanso pa ndime 101 chifukwa cha chigamulo cha Alice cha 2014, chimene chimakana patenti pa ganizo la m'mutu chabe. Funso ndilibweze kwa inu. Pa kamphindi kamene munthu wadina dzina la akaunti inayo, m'kati mwa pulogalamu mumachitika chiyani chimene ena sachita? Ngati patenti ilipo, ili pamenepo.

Yamikani:
A Gondwe afunsa pamene pagona nkhani. Kwa wogwiritsa ntchito n'kudina kamodzi basi, koma m'katimo muli zinthu zingapo zoyenera kusinthana manja nthawi imodzi: token (kachiphaso ka digito) yolowera ku seva, mzere wa ntchito zodikira kukwera ndi kutsika, database ya pa chipangizo imene imasunga mayina a mafayilo ndi cursor yonena pamene sync (kufananitsa mafayilo a pa chipangizo ndi a pa seva) inalekezera, cache (posungira zinthu mongoyembekezera) ya tizithunzi, ndi kiyi yotsekera zonsezi.

Taonani mmene zimasokonekera. Pulogalamu yafunsa seva, m'dzina la akaunti A, zomwe zili mu foda inayake. Netiweki ikukoka, yankho latenga masekondi atatu. M'masekondi omwewo munthu wadina akaunti B. Yankho la A likafika, khodi imafunsa kuti akaunti imene ikugwira panopa ndi iti, imapeza B, n'kulemba mayina a mafayilo a kuntchito mu database ya akaunti ya kunyumba. Palibe uthenga wochenjeza, palibe chakugwa, zalowa mwakachetechete.

Pokweza n'chimodzimodzi. Fayilo ya 2 GB ikadulidwa m'zidutswa za 4 MB, monga momwe Dropbox imawerengera hash (chidindo cha manambala) ya mafayilo ake, zimakhala zidutswa pafupifupi 500. Zidutswa 300 zapita ndi token ya A, chotsatira chatola token ya B chifukwa khodi imangotenga "ya panopa". Seva yosamala imakana, kukweza n'kuyambiranso pa ziro. Seva yosasamala imalandira, fayilo n'kuthera mu akaunti yolakwika.

Ya cache ndiye imabisala kwambiri. Kachithunzi kasungidwa ndi dzina la fayilo lokha, popanda nambala ya akaunti. Maakaunti onse awiri ali ndi scan.pdf mu foda ya Documents. Mwasintha, koma pa sikirini mukuonabe kachithunzi ka chikalata cha akaunti munachokayo. Aliyense amene wathetsa mavuto amenewa mwa njira yake ali ndi chinthu choyenera kuchiunika.

Chikondi:
Ndi zomwezo ndithu. Tinene kuti njira yake ndi iyi. Ntchito iliyonse ikamalowa mumzere imamatidwa nambala ya akaunti ndi nambala ina imene imakwera ndi 1 munthu akasintha akaunti. Ntchito zongoonetsa pa sikirini zimatayidwa ngati nambala yachiwiriyo yasintha. Zokweza mafayilo zimapitirira kuseri, koma ndi token yaing'ono imene seva imapereka pa fayilo imodzi yokhayo, yosatha kuwerenga china chilichonse. Kiyi ya database ya akaunti yakale imafufutidwa mu memory nthawi yomweyo. Seva ikavomereza kuti fayilo yafika, chivomerezocho chimatsekedwa ndi public key (kiyi yongotseka, yosatha kutsegula) ya akaunti yakaleyo, n'kudzalembedwa mu database mwiniwake akabwerera.

Mayi Nkhoma:
Tadikirani kaye a Chikondi. Ngati mwafotokozayi ili njira yeniyeni ya munthu amene sanapereke pempho, ndiye kuti ku Ulaya wayitaya lero. Gulu ngati lino, lopanda pangano losunga chinsinsi, limawerengedwa ngati poyera. Malamulo a EPO, ofesi ya ma patenti ya ku Ulaya, alibe nthawi yachisomo kwa woyambitsa amene waulula yekha. Ndime 55 imangopulumutsa munthu ngati wina anaulula momulakwira, kapena ngati anaonetsa pa chionetsero cha mayiko chovomerezeka, ndipo nthawi yake ndi miyezi 6 yokha.

Chikondi:
Zikomo amayi. Ndi chitsanzo chongopeka kuti tikhale ndi pogwira, si njira ya kampani iliyonse.

Mayi Nkhoma:
Chabwino, tipitirire nacho. Koma owerenga agwire mfundoyi, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Kutulutsa beta (pulogalamu yoyesera) imene aliyense angaitsitse, kukamba pa msonkhano wa omanga mapulogalamu, kuika khodi poyera pa GitHub, zonsezi zikachitika tsiku lopereka pempho lisanafike zingathe kupha mwayi wa ku Ulaya. Ku America woyambitsa ali ndi chaka chimodzi kuchokera pamene iye mwini waulula, ndipo anthu amamva zimenezi n'kuganiza kuti dziko lonse lili choncho.

Bambo Gondwe:
Ndiwonjezere kuti chaka chimenecho ku America chimayambanso kuwerengedwa mukagulitsa, ngakhale mwagulitsa mwachinsinsi. Supreme Court inatsimikiza zimenezi pa mlandu wa Helsinn ndi Teva mu 2019. Kampani imene yasainirana mgwirizano wogulitsa pulogalamuyo kwa kasitomala mmodzi wamkulu isaganize kuti wotchi sinayambe.

Tibwerere ku chitsanzocho, chifukwa tsopano tili ndi chogwirika. Muyeso wa Alice uli ndi mbali ziwiri. Choyamba amafunsa ngati claim ikungonena ganizo la m'mutu, monga kusanja uthenga kapena kutsimikizira kuti munthu ndi yemweyo. Ngati ndi choncho, amafunsa ngati mulinso china choposa kungoti "chitani pa kompyuta". Njira yopulumukira ndi kuonetsa kuti mwakonza kagwiridwe ka kompyuta yeniyeniyo, monga zinalili pa mlandu wa Enfish ndi Microsoft mu 2016.

Milandu iwiri ya 2021 ku Federal Circuit, khoti la apilo la milandu ya patenti ku America, ndi yothandiza kwambiri kuiika pambali pa inzake, popeza yonse ndi ya kutsimikizira kuti munthu ndi yemweyo. Pa Universal Secure Registry ndi Apple, ma claim anagwa chifukwa anangosonkhanitsa njira zodziwika kale zotsimikizira munthu. Pa CosmoKey ndi Duo Security claim inaima, chifukwa inanena ndondomeko yeniyeni: chotsimikizira cha pa foni chimakhala chozimitsa, mwiniwake amachiyatsa pa nthawi yochepa yoikika, kenako chimazima chokha. Palinso Ancora ndi HTC wa 2018, pamene kusunga chizindikiro cha laisensi mu memory ya BIOS kunaonedwa kuti n'kukonza chitetezo cha kompyuta. Chitsanzo cha a Chikondi chili mbali ya CosmoKey ndi Ancora ngati chalembedwa bwino, chifukwa chikunena kuti kiyi ifufutidwe liti, token ikhale ndi mphamvu yanji, ndipo chivomerezo chisungidwe pati.

Tiwonge:
Ine ndikukayikabe. Kumata ntchito nambala yokwera kuti mutaye mayankho akale ndi njira yakalekale m'makina ogwirira ntchito pamodzi. Token ya mphamvu zochepa ili mu ndondomeko yopereka chilolezo ya OAuth 2.0 kuyambira chikalata chake, RFC 6749 ya 2012, ndipo kusinthanitsa token yaikulu ndi yaing'ono kuli mu RFC 8693 ya 2020. Kutseka uthenga ndi public key ndiye sitinganene. Wounika adzatenga zikalata zitatu, n'kunena kuti wodziwa ntchito aliyense akanaziphatikiza. Kuchokera pa mlandu wa KSR wa 2007 safunikira kupeza chikalata chonena mwachindunji kuti ziphatikizidwe.

Bambo Gondwe:
Mwalasa a Tiwonge, nkhondo yeniyeni idzakhala pa 103, osati pa 101. Koma wounika ayenerabe kupereka chifukwa chomveka chimene munthu akanaphatikizira zinthuzo motero. Ndiye chikalata cha pempho chifotokoze mkangano umene njirayi yathetsa. Nthawi zonse pakhala kusankha pakati pa ziwiri: ukafuna chitetezo, umakhoma akaunti yakale n'kudula kukweza; ukafuna kuti kukweza kupitirire, umasiya kiyi ndi token yonse zili zotsegula kuseri. Njirayi ikupeza zonse ziwiri nthawi imodzi. Mfundo imeneyi ilembedwe m'chikalata kuyambira tsiku loyamba, pamodzi ndi zoyeza ngati zilipo, chifukwa pambuyo pake simuloledwa kuwonjezamo zatsopano.

Claim yoyamba ingamveke motere: njira yochitika pa chipangizo cha wogwiritsa ntchito, imene imalandira lamulo losintha kuchoka pa akaunti yoyamba pamene fayilo ili mkati mokwera, imapempha ku seva token yongogwira pa kukweza kumeneko, imachotsa mu memory kiyi ya database ya akaunti yoyamba, imapitiriza kutumiza zidutswa zotsala ndi token yaing'onoyo, imatseka chivomerezo cha seva ndi public key ya akaunti yoyamba, ndipo imachilemba mu database akauntiyo ikatsegulidwanso. Za nambala yokwera ija zipite mu claim yodalira, kukula kwa zidutswa mu ina, nthawi imene token imafera mu ina. Claim yaikulu ikagwa, zing'onozing'onozi ndi pothawira.

Limbani:
Kafunso kakang'ono akuluakulu. Ma claim amaloledwa angati?

Bambo Gondwe:
Malire enieni palibe, koma ndalama yoyamba ku USPTO imakwanira ma claim 20, mwa iwo oima paokha atatu. Kupitirira apo mumalipira iliyonse. Ku EPO kulipira kowonjezera kumayamba mukadutsa 15. Atatu oima paokhawo kawirikawiri amagawidwa kukhala njira, chipangizo, ndi chosungira khodi. Pa chomalizachi ku America mulembe kuti non-transitory, apo ayi adzati mukufuna patenti pa mafunde odutsa mumlengalenga, zimene zinakanidwa pa mlandu wa Nuijten mu 2007. Pewaninso mawu ngati "module yosinthira akaunti". Kuyambira mlandu wa Williamson ndi Citrix wa 2015, mawu oterewa angathe kumasuliridwa pansi pa ndime 112(f), ndipo ngati chikalata chilibe ndondomeko yeniyeni ya zomwe module-yo imachita, claim imafa chifukwa chosamveka.

Mayi Nkhoma:
Ku Ulaya kaganizidwe n'kosiyana, ngakhale kumathera pafupi. Ndime 52 imachotsa mapulogalamu a kompyuta "paokha", koma kungotchula chipangizo kapena seva mu claim kumakudutsitsani pakhomo limenelo mosavuta. Chipsinjo chili pa inventive step, ndiye kuti kuonetsa kuti njirayo si yodziwikiratu kwa wodziwa ntchito. Amatsata njira ya COMVIK, chigamulo T 641/00 cha 2002, chimene G 1/19 ya 2021 inachilimbikitsa. Wounika amagawa claim pawiri, zaluso la makina ndi zosakhala zaluso. Zosakhala zalusozo saziwerengera ngati nzeru yanu, amangozipereka kwa katswiri wongoganiziridwa, amene amamugwiritsa poyeza nzeru yanu, ngati zofuna za kasitomala.

Tanthauzo lake pa nkhani yathu ndi ili. Lamulo loti mafayilo a kuntchito asasakanikirane ndi a kunyumba ndi lamulo la kayendetsedwe ka kampani, silikupatsani kanthu. Maonekedwe a mndandanda, mtundu wa chithunzi cha akaunti, kuika akaunti yogwiritsidwa ntchito kawirikawiri pamwamba, zonsezi kawirikawiri amaziona ngati kaonetsedwe ka uthenga chabe. Koma kuchepetsa nthawi imene kiyi imakhala mu memory, kupewa kutumizanso zidutswa 300 zimene zinafika kale, kuletsa yankho lochedwa kulowa mu database yolakwika, izi n'zaluso ndipo zimawerengedwa.

Chimene chimapweteka kwambiri olemba a ku America akafika ku EPO ndi ndime 123(2). Ngati chikalata chanu chimatchula token yaing'ono nthawi zonse pamodzi ndi kufufuta kiyi, simungadzatenge chimodzi chokha n'kuchiika mu claim pambuyo pake. Adzati kaphatikizidwe kameneko simunakaulule. Ndiye polemba nenani momveka kuti mbali iliyonse ingagwire payokha, ndipo perekani njira zina: kiyi ingasungidwe mu Keychain, mu Android Keystore, kapena kutetezedwa ndi DPAPI pa Windows, token ingafe ndi nthawi kapena kukweza kukatha.

Yamikani:
Pa zimene zinalipo kale, anthu amafufuza mu ma patenti okha n'kuiwala zikalata za opanga ma operating system, pomwe m'menemo ndi momwe muli zoopsa. Android ili ndi AccountManager kuyambira 2009, ndipo Storage Access Framework ya Android 4.4 mu 2013 inalola pulogalamu imodzi kuonetsa mizu ingapo, akaunti iliyonse muzu wake. Pa Windows, Cloud Files API imene inabwera ndi Windows 10 ya mtundu wa 1709 imalembetsa sync root ndi dzina la zigawo zitatu: la wopereka ntchito, SID (nambala yomudziwira) ya wogwiritsa kompyuta, ndi nambala ya akaunti. Pa macOS, File Provider imagawa zinthu m'ma domain, ndipo mapulogalamu amapatsa akaunti iliyonse domain yake. OpenID Connect ya 2014 ili kale ndi select_account, youza seva kuti imufunse munthu akaunti yomwe akufuna. Choncho claim yoti "akaunti iliyonse ikhale ndi foda yake" yafa isanabadwe.

Onaninso mapulogalamu a khodi yotseguka monga Nextcloud, ownCloud ndi rclone. Mbiri yawo ya git ili ndi masiku, ndipo wotsutsa patenti yanu adzaiwerenga mzere ndi mzere.

Mayi Nkhoma:
Ndipo pofufuza ma patentiwo musadalire mawu okha, chifukwa wina analemba "profile", wina "identity", wina "tenant", wina "user context". Gwiritsani magulu a CPC, amene amasanja ma patenti potengera luso lake, mu Espacenet kapena Google Patents: G06F 16/178 ya sync ya mafayilo, H04L 67/1095 ndi H04L 67/1097 za kukopera ndi kusunga deta pa netiweki, H04L 63/0815 ndi G06F 21/41 za kulowa kamodzi m'malo ambiri. Mukapeza chikalata chimodzi choyandikira, tsatirani zomwe chinatchula ndi zomwe zinachitchula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ntchito imeneyi si ya madzulo amodzi. Kumbukiraninso kuti mapempho a miyezi 18 yapitayi sanasindikizidwe, ndiye simungawaone ngakhale mufufuze bwanji.

Bambo Gondwe:
Ndipo chilichonse chofunika chimene mwapeza muyenera kuchiulula ku USPTO kudzera mu IDS, fomu yotchulira zikalata zimene mukuzidziwa. Kubisa dala kungaphe patenti yonse, ngakhale ma claim amene sanakhudzidwe. Oyambitsa amene akudziwa za chikalata choopsa auze loya wawo, asakhale nacho chete.

Tiwonge:
Tinene kuti patenti yatuluka. Funso langa lalikulu ndi lakuti mudzadziwa bwanji kuti wina akuigwiritsa ntchito? Kufufuta kiyi mu memory sikuoneka ndi maso. Zochitika pa seva ya mnzanu simungazione konse. Patenti imasindikizidwa, aliyense amawerenga njira yanu, ndipo amene waikopa kuseri simungamugwire. Walira mvula walira matope. Pa zinthu za pa seva zokhazokha ine ndingasankhe kusunga chinsinsi.

Yamikani:
Za pa seva ndikugwirizana nanu. Koma mbali ya pa chipangizo imagwirika. Ikani proxy (pulogalamu yoona uthenga wodutsa) pakati pa pulogalamu ndi seva, yambani kukweza fayilo yaikulu, sinthani akaunti ili pakati, muone ngati token pa zidutswa zotsala yasintha n'kukhala ina yosiyana ndi ya maakaunti onse awiri. Yesani token imeneyo pa fayilo ina muone ngati ikukanidwa. Onani ngati pa diski pabadwa kafayilo kotsekedwa kamene kamasowa mukabwerera ku akaunti yoyamba. Certificate pinning, imene imaletsa pulogalamu kulankhula ndi proxy yotere, imavutitsa, ndipo mgwirizano wogwiritsira pulogalamu ya mnzanuyo ungakhale ukuletsa kuifukula, choncho loya aunike kaye musanayambe. Mfundo ndi yakuti claim ilembedwe ndi masitepe oterewa, osiya zizindikiro zooneka kuchokera kunja.

Bambo Gondwe:
N'chifukwa chake claim ija ndinailemba yonse kuchokera kumbali ya chipangizo. Ndinati "imapempha ku seva", sindinati "seva imapanga token". Mukasakaniza masitepe a chipangizo, a seva ndi a munthu mu claim imodzi, wozengedwa adzati iye sachita onse. Pa mlandu wa Akamai ndi Limelight, umene unafika ku Supreme Court mu 2014 n'kubwerera ku Federal Circuit mu 2015, zinatsalira poti muyenera kuonetsa kuti mmodzi akulamulira kapena kutsogolera masitepe onse, zimene ndi ntchito yowonjezera yodula. Lembani claim ina ya seva payokha.

Malo a seva nawonso ndi nkhani. Pa mlandu wa NTP ndi Research In Motion wa 2005, chipangizo chapakati cha BlackBerry chinali ku Canada. Khoti linati ma claim a njira sanaphwanyidwe chifukwa sitepe ina inkachitikira kunja kwa America, koma ma claim a dongosolo lonse anaphwanyidwa chifukwa ogwiritsa ntchito ankalilamulira ndi kupindula nalo ali m'dzikomo. Kampani ya cloud ingasamutse seva usiku umodzi, ndiye mukhale ndi mitundu yonse iwiri.

Limbani:
Nanga maonekedwe ake enieniwo, kamndandanda kotsika kaja, palibiretu chitetezo?

Bambo Gondwe:
Chilipo koma n'chopapatiza. Ku America pali design patent, imene imateteza maonekedwe okha kwa zaka 15 kuchokera tsiku limene yatuluka. Wina akasintha kaonekedwe mokwanira, wadutsa. Patenti ya kagwiridwe pa zooneka pa sikirini imatheka nthawi zina: Core Wireless ndi LG, komanso Data Engine ndi Google, yonse ya 2018, inapulumutsa ma claim otere chifukwa anafotokoza kapangidwe kenikeni kothandiza munthu kufika pa chinthu mwachangu. Koma pa kusintha akaunti zakale n'zochuluka kwambiri moti sindingaikepo ndalama zambiri.

Chikondi:
Ndamva. Tsono ndondomeko ya masiku imayenda bwanji kwa amene akufuna mbali zonse ziwiri?

Mayi Nkhoma:
Tsiku loyamba mumapereka pempho loyamba, kaya provisional ku America kaya pempho lathunthu. Provisional siiunikidwa, imafa pakatha miyezi 12, ndipo imangosunga tsiku pa zimene zalembedwamo. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza: amaponyamo masamba awiri ndi zithunzi za sikirini, chaka chikatha n'kulemba claim ya token yaing'ono imene mu provisional mulibe. Claim imeneyo tsiku lake ndi latsopano, ndipo ngati pulogalamu inatuluka pakatipo, ku Ulaya yadziphera yokha. Mulembe provisional ngati pempho lenileni, ndi chithunzi cha ndondomeko pakati pa chipangizo ndi seva, chithunzi cha magawo amene akaunti imadutsamo kuyambira yotsegula mpaka yokhomedwa, ndi zomwe zimachitika netiweki ikaduka pakati pa kusintha.

Miyezi 12 isanathe mumapereka PCT (pempho limodzi la mayiko ambiri) kudzera ku WIPO, bungwe la dziko lonse loona za ma patenti, kapena mapempho a mayiko mwachindunji. Pa miyezi 18 limasindikizidwa. Pa miyezi 30 kuchokera tsiku loyamba mumalowa ku America, pa 31 ku EPO. PCT payokha siipereka patenti, imangogula nthawi ndi lipoti la kafukufuku. Patenti ya EPO ikatuluka, aliyense ali ndi miyezi 9 yoitsutsa. Kuyambira pa 1 June 2023 mungasankhenso Unitary Patent, patenti imodzi yogwira m'mayiko ambiri a ku Ulaya, koma dziwani kuti chigamulo chimodzi cha Unified Patent Court chingaifafanize m'mayiko onse okhudzidwa nthawi imodzi.

Bambo Gondwe:
Ku America wounika akakana, ndipo koyamba amakana kawirikawiri, mumapatsidwa miyezi 3 yoyankha, imene ingafike 6 mukalipira. Pemphani kukambirana naye pa foni kapena pa vidiyo musanayankhe, mumuonetse chithunzi cha ndondomeko chija, zimafupikitsa mtunda. Ofuna changu pali Track One, imene imalola ma claim osapitirira 30, oima paokha 4. Moyo wa patenti ndi zaka 20 kuchokera tsiku la pempho lathunthu, chaka cha provisional sichiwerengedwa, ndipo mumalipira yoisunga pa zaka 3.5, 7.5 ndi 11.5.

Chimodzi chimene ndimachilimbikitsa kwambiri: patenti isanatuluke, perekani continuation, pempho lina lochokera m'chikalata chomwecho. Pempho loyamba likangotseka popanda lina lotseguka, kumakhala kovuta kulembanso ma claim atsopano kuchokera m'chikalata chomwecho. Mpikisano akadzatulutsa njira yake yoyandikira, continuation imakulolani kulemba claim yolunjika pa zomwe akuchita, malinga zinali kale m'chikalata chanu.

Tiwonge:
Pali china chimene sitinakhudze, ndipo kwa kampani yaing'ono n'chachikulu kuposa zonsezi. Kukhala ndi patenti sikukupatsani ufulu wogwiritsa ntchito njira yanu. Kumangokupatsani mphamvu yoletsa ena. Wina angakhale ndi patenti yotakata pa kulumikiza maakaunti awiri pa pulogalamu imodzi ya sync, yanu n'kukhala nthambi pansi pake. Makampani akuluakulu a cloud ali ndi ma patenti ambiri pa sync ndi pa kayendetsedwe ka maakaunti. Kafukufuku woona ngati muli omasuka kugulitsa ndi wosiyana ndi woona ngati chanu n'chatsopano. Woyambayo amayang'ana ma claim amoyo okha, dziko ndi dziko, ndipo amaona ngati ndalama zosungira zinalipidwa.

Komanso mukalandira kalata yokuuzani za patenti ya wina, musaiponye m'dirowa. Kuyambira chigamulo cha Halo cha 2016, khoti lili ndi ufulu waukulu wochulukitsa chipukuta misozi mpaka katatu kwa amene waphwanya mwadala. Mukasumiridwa, muli ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku lolandira samani kuti mupemphe inter partes review (kuunikanso ngati patentiyo ndi yoyenera) ku PTAB, bwalo la mu USPTO, ndipo kumeneko umboni ndi ma patenti ndi zolembedwa zosindikizidwa zokha. Pulogalamu yakale imene inkachita zomwezo siikwana payokha, pafunika buku lake kapena chikalata chokhala ndi tsiku.

Bambo Gondwe:
Zoona. Ndipo musanafike konseko, onani kuti mwiniwake ndani. Ku America ufulu umayambira kwa munthu woyambitsa, osati kwa kampani. Pa mlandu wa Stanford ndi Roche wa 2011, pangano lonena kuti munthu "adzapereka" ufulu wake linagonja kwa lina lonena kuti "akupereka pano". Wolembedwa ganyu amene analemba mbali ya token ija, ngati anathandiza kuganiza njirayo, ndi woyambitsa nawo, ndipo popanda pepala losainidwa angathe kupereka laisensi kwa mpikisano wanu osakufunsani. Mayina a oyambitsa akhale a anthu amene anaganizadi zomwe zili mu claim, osati a mabwana. Makina a AI sangalembedwe ngati woyambitsa, Federal Circuit inatero pa mlandu wa Thaler mu 2022.

Yamikani:
Onaninso laisensi ngati pulogalamu ya pa chipangizoyo mukuitulutsa ngati khodi yotseguka. Apache 2.0 pa ndime 3 ndi GPL 3 pa ndime 11 zimapereka laisensi ya patenti kwa olandira khodi imene mwaperekayo. Mukaika njira yosinthirayo m'khodi yotere, amene akugwiritsa khodi yanuyo simungawazenge, mungatsale ndi okhawo amene analemba yawo.

Limbani:
Nanga kampani ikaona kuti ndalama za zonsezi sizikwana, koma ikuopa kuti wina angadzalembetse njira yomweyo n'kuitsekera?

Mayi Nkhoma:
Isindikize yokha. Ilembe njirayo mwatsatanetsatane, ndi zithunzi za ndondomeko, n'kuiika pamalo okhala ndi tsiku lotsimikizika pomwe ounika amafufuza, monga Technical Disclosure Commons kapena IP.com. Kuyambira tsiku limenelo chikalatacho chimatsekereza aliyense wobwera pambuyo. Chikhale chakuya mokwanira kuti wodziwa ntchito angamange kuchokera pamenepo, chifukwa ndime imodzi yongoti "timasintha akaunti popanda kudula kukweza" siingaletse claim yotchula masitepe. Ndipo mukaona pempho la wina losindikizidwa likuyandikira njira yanu, simukuyenera kudikira kuti lituluke. Ku EPO ndime 115 imalola aliyense kutumiza zolemba zotsutsa kwaulere, ngakhale osatchula dzina. Ku USPTO khomo lake ndi ndime 122(e), koma limatseka msanga: muyenera kutumiza chivomerezo cha patentiyo chisanatuluke, komanso pasanathe miyezi 6 chisindikizidwireni pempholo kapena wounika asanakane koyamba, kutengera chimene chachedwa pa ziwirizi. Pa chikalata chilichonse chimene mwatumiza mulembepo mwachidule kuti chikukhudza sitepe iti ya claim iti.